Spidomita ya Land Rover Series 3 yayamba kunama titasintha madifu, tigwire pati?

Mwini funso:
Akuluakulu odziwa magalimoto akale, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi Land Rover Series 3, yaitali ija ya 109. Madifu ake (magiya a pakati pa ekiselo ozunguza matayala) a 4.7 tinachotsa n'kuikamo a 3.54 ochokera mu Range Rover yakale kuti injini isamalire kwambiri pa tala. Kumeneko zinatheka. Koma spidomita ikuwerenga pansi. Kamuvi kakaloza 30 mph, GPS ya pafoni ikuonetsa 64 km/h, yomwe ndi 40 mph. Ndiye ukudutsa pamsika wa m'mbali mwa M1 pomwe malire ndi 50 km/h, mtima uli m'malo kuti ukuyenda 48 km/h (30 mph ija), chonsecho wapyola kalekale.

Matayala ndi omwe aja a 7.50x16. Ilinso ndi overdrive ya Fairey, giya yoonjezera yochepetsa kuzungulira kwa injini. Makaniko wina akuti wolakwa ndi overdrive, wina akuti tingosintha kagiya kozunguza kebulo ya spidomita. Ndimvere uti?

Woyankha woyamba:
Achimwene, overdrive isiyeni, ilibe mlandu. Pa Series kebulo imatenga mphamvu kumbuyo kwa transfer box (bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo), pafupi ndi dramu ya handibuleki. Imawerenga kuzungulira kwa propshaft, shafuti yopita ku difu, kaya overdrive mwalowetsa kaya ayi. Kale propshaft imazungulira ka 4.7 kuti tayala lizungulire kamodzi, pano ikuzungulira ka 3.54. Gawani 3.54 ndi 4.7, mupeza 0.75. Ndi 30 pa 40 wanu uja ameneyo.

Woyankha wachiwiri:
Mangani foni pa dashibodi ndi mphira, nkhani yatha kkkk

Mwini funso:
Foni ili pomwepo bwana, koma pa dzuwa la ku Chikwawa ikumazima yokha ndi kutentha. Komanso manambala a mtunda ndi omwe ndimaonera nthawi yosintha oyilo.

Woyankha wachitatu:
Mwatchula manambala a mtunda, yambirani pomwepo musanagule kanthu. Yendani mtunda wodziwika ndi GPS, muone ngati manambalawo akutsalira mofanana ndi kamuvi. Zikatsalira limodzi, ndi nkhani ya magiya. Kakakhala kamuvi kokha, vuto lili m'wotchi ya spidomitayo, mwina maginito afooka.

Za kagiya, makaniko wanu sananame kwenikweni, kungoti akuganiza za Defender. Pa transfer box ya Defender, ya LT230, timagiya timeneti tilipo tosiyana mano, amatisiyanitsa ndi mtundu wa pulasitiki. Lamulo lake ndi loti spidomita ikamawerenga pansi mumaika ka mano ochepa kuti kebulo ithamange, ikamawerenga pamwamba mumaika ka mano ambiri. Koma kusiyana kwa dzino limodzi pa mano 20 kumangokonza 5 peresenti. Inu mukufunika kuti kebulo ithamange ndi 33 peresenti. Pa Series, Land Rover sinkasintha kagiya, inkasintha wotchi yeniyeniyo malinga ndi matayala, n'chifukwa chake ya Series yaifupi ya 88 ndi ya 109 sizifanana. Musalole munthu akusemereni kagiya kachilendo. Kakapanda kulumana bwino ndi giya ya pa shafuti, kadyeka msanga ndipo zinyenyeswa zake zitsalira mu oyilo.

Tayang'anani pankhope ya wotchiyo m'munsi, pali timanambala tating'ono. Mutiuze.

Mwini funso:
Ndapukuta galasi, palembedwa Smiths, ndipo chakumapeto kuli 1408.

Woyankha wachitatu:
Eya. Kutanthauza kuti wotchiyo imayembekeza kebulo izungulire ka 1408 pa mailo imodzi. Ndi madifu atsopanowo ikuzungulira pafupifupi ka 1060. Ndiye mungasake wotchi ya Smiths ya nambala yoyandikira 1060 yokwana pabowolo, kapena kutumiza yanuyo kwa okonza mawotchi a magalimoto ku Joni kapena ku UK akaitchune. Ine ndingasankhe kabokosi kamagiya komangira pakati pa transfer box ndi kebulo, kochulukitsa ndi 1.33. Kamakonza kamuvi ndi manambala a mtunda nthawi imodzi, wotchi yoyambirira n'kukhala osaikhudza, ndipo tsiku lomwe mudzabwezere madifu a 4.7 mungokamasula. Poitanitsa onetsetsani mazinga ake ndi nsonga ya kebulo ya ngodya zinayi ija, chifukwa sizifanana magalimoto onse.

Woyankha wachinayi:
Bambo, kodi kamuviko kamakhazikika kapena kamavina? Pa Series giya ya pa shafuti ilibe kiyi, imangopanidwa ndi nati yaikulu ya flange kuseri kwa propshaft. Natiyo ikakhwepa giya imaterereka, kamuvi n'kumagwa mukachotsa phazi pa mafuta. Poti munamasula zam'munsimo posachedwa, ndi bwino kuionanso.

Mwini funso:
Kamagwederako pang'ono ndikatsika ndi phiri, ndimayesa ndi kebulo youma. Loweruka ndilowa pansi ndikaione natiyo, kenako ndiyeze mtunda. Amene anaitanitsapo kabokosi kotere ku Joni, kanabwera ndi kebulo yake kapena munadula yakale?