Strat ya ku Japan nditenge, kapena ndidikire ya ku America?

Akuluakulu a magitala, musanditope, ndabwera ndi funso.

Ndimaimba lead ku tchalitchi kwathu ku Ndirande, Loweruka timapita m'maukwati. Gitala yanga yatha basi, mafreti adyeka mpaka nsambo ya G ikungolira ngati njuchi. Alamu anga ku Joni andipezera ziwiri zakaunjika, zonse Fender Stratocaster. Ina yalembedwa "Made in Japan" kuseri kwa khosi, inayo ndi ya ku America ndipo mtengo wake ndi pafupifupi kawiri. Ndalama za ya ku Japan ndili nazo lero. Inayo ndiye mpaka December, ndipo kwacha mmene ikuyendera mukudziwa nokha.

Anzanga m'bandi akuti ya ku Japan ndi yongokopera. Koma ine ndinagwirapo Tokai, gitala ya ku Japan, ya mkulu wina pa ukwati ku Zomba, khosi lake losalala, chala chimangoyenda chokha, mpaka pano sindinaiiwale. Komanso anthu omwewa akuyendera Toyota za ku Japan osadandaula! Amene mwagwirapo zonse ziwiri, kusiyana kwake kuli pati kwenikweni?

MAYANKHO

Wina wa ku Lilongwe: Achimwene, auzeni anzanuwo kuti akunena nkhani yakale. Inde, m'ma 1970 makampani a ku Japan monga Tokai, Greco ndi Ibanez ankakopera magitala a ku America, mpaka kampani ya Gibson inapita kukhoti mu 1977 chifukwa cha kaonekedwe ka mutu wa gitala ya Ibanez. Koma ankakopera mwaluso moti Fender yeniyeniyo inakatsegula Fender Japan mu 1982, nipereka ntchito ku fakitale ya FujiGen ku Matsumoto. CBS, kampani yomwe inali mwini wake wa Fender, itaigulitsa mu 1985, fakitale ya Fender ya ku Fullerton ku America sinali m'gulu la zogulitsidwazo, ndiye kwa kanthawi ma Fender ambiri atsopano ankachokera ku Japan konko. Ya ku Japanyo ikakhala ndi nambala (serial) yoyamba ndi JV, thamangani, zimenezo anthu amazisaka.

Wina wa ku Johannesburg: Ine ndikutsutsa pang'ono. Tsiku lomwe mudzafune kugulitsa, wogula amayang'ana mawu oti USA basi, za FujiGen sazidziwa. Komanso ambiri amasintha ma pickup (timaginito totola kulira kwa nsambo) ndi switch pa za ku Japan. Werengerani ndalama imeneyonso.

Wokonza magitala: Pa matabwa ndi mafreti, za ku Japan zomwe zadutsa m'manja mwanga sindinazipeze chifukwa. Chenjezo langa ndi la masipeya: ku Japan amayeza mu mamilimita, ku America mu mainchi, ndiye bridge (chogwira nsambo pa thupi) kapena pot (chopotolera volume) ya USA nthawi zina imakana kulowa. Za ku Japan zambiri thupi lake ndi basswood, mtengo wopepuka koma wosachedwa kubonyoka ukagunda penapake. Alamuwo ajambule nambala, mafreti oyambirira, ndi khosi poliyang'ana kuchokera kumutu. Zabodza zolembedwa USA zachuluka kuposa zolembedwa Japan.

Mwini funso: Zikomo akuluakulu. Zogulitsa ine ayi, yakaleyi ndakhala nayo zaka 9. Alamu atumiza chithunzi, nambala ikuyamba ndi E, ndipo freti yachitatu ikuoneka yodyeka pang'ono. Bambo okonza, imeneyo ndi yongopala kapena ndi yosintha onse? Mwini wake akuti wina akubwera kudzaiona Lachisanu.