Ndalama za gulu: feteleza kapena nkhokwe ya mbewu?

Wapampando: Moni nonse akwathu. Ndalama tinasonkha zija zakwana, tsopano tigwirizane chochita. Ena mukuti tigule feteleza tigawire mabanja ovutika, ena mukuti nkhokwe ya mbewu. Lankhulani

Msungichuma: Ine feteleza basi a Tcheya. Mvula ikagwa munthu amafuna chothira mmunda, zinazi nzochedwa

Aphunzitsi: Achimwene ndikukumvani koma chaka chatha tinachita zomwezo, matumba aja anathera ulimi umodzi ndipo lero anthu omwewo akutiyang'ananso. Nandolo, soya, nyemba, mtedza, mukazula mumaona timibulu pa mizu eti? Mmenemo muli mabakiteriya amene amatenga nayitrojeni, chakudya cha mbewu chomwe chimapezekanso mu feteleza, mumpweya nkuika munthaka, ndiye munda ukuchira uku mwana akudya zomanga thupi

Anamwino: Apo pa mwana ndipamene pakundiwawa ine. Ana ambiri omwe timawayeza sikelo sagona ndi njala ayi, amakhuta, koma chakudya chake nchimodzimodzi mmawa masana madzulo ndiye akupinimbira. Masiku 1,000 oyamba, kuchokera pomwe mayi waima mpaka mwana akwane zaka 2, akaphonya pamenepo kubweza nkovuta kwambiri. Chonde muikemonso mbewu ya mbatata ya olenji mkati ija, ili ndi vitamini A, anthu omwe anaifalitsa mpaka analandira World Food Prize, mphotho yaikulu ya zachakudya padziko lonse, mu 2016. Ndipo masamba ake ndi ndiwo kale

Msungichuma: Achemwali zonsezo nzoona sindikukana, koma mbewu mukapatsa munthu mwezi wa njala amakazinga nkudya, kapena kugulitsa. Ndinaziona ndi maso angawa

Aphunzitsi: Nde tisagawe msanga, ituluke mvula itayandikira, komanso ikhale ngongole. Watenga ndowa imodzi, akakolola abweza imodzi ndi kapamwamba kuti chaka chamawa alandire wina

Agogo a gulu: Ana inu mwaiwala anankafumbwe. Nkhokwe yanuyo adzaipera yonse isanafike nthawi yodzala

Anamwino: Agogo pali matumba a PICS aja anapangidwa ku Purdue University ku America, ndi atatu ophatikiza, mukamanga bwino mpweya sulowa tizilombo timafera momwemo opanda mankhwala. Bola mbewu iume kaye gwa, mtedza wachinyezi umachita chuku ndipo poizoni wake amaononga chiwindi. A FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, mu 2019 anati pafupifupi 14% ya chakudya padziko lonse imaonongeka chikakololedwa chisanafike nkomwe pogulitsira

Msungichuma: Chabwino, koma pali amayi amasiye omwe minda yawo yaguga moti chaka chino popanda feteleza sakolola kanthu. Amenewo tiwapatulire kagawo, yotsala ipite ku mbewu ndi matumba

Agogo a gulu: Nanga mbuzi? Nandolo amachedwa mmunda, anzake onse atakololedwa ziweto zimamudya. Mukambe kaye ndi eni ziweto musanagule kalikonse

Wapampando: Zimenezo ndikakamba nawo ndekha Loweruka. Lamulungu tivota. Pakadali pano nditumizireni maina a anthu awiri okhala kumudzi komweko oti azisunga makiyi ndi buku, mmodzi akhale mzimayi