Chikole cha 1967 cholembedwa m'dzina la Standard Bank: kalata ipite ku banki iti?

Kalaliki wa maloya, Zomba: Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru. Tikukonza zosintha umwini wa nyumba ya malemu wina, ndipo pa mapepala a malowo pali chikole chomwe chinalembedwa mu 1967 m'dzina la Standard Bank. Ana a malemuwo akuti ngongoleyo inabwezedwa kalekale, koma chikolecho sichinafafanizidwe. Ndalemba kale kalata yopita ku likulu la Standard Bank ku Lilongwe, koma ndisanaitumize ndati ndimve maganizo anu.

Loya, Blantyre: Bambo, kalatayo muyambe mwaisunga, chifukwa dzinali lasokoneza ambiri. Standard Bank imene inkabwereketsa ndalama kuno mu 1967 inaphatikiza ntchito zake za m'Malawi ndi za Barclays DCO mu 1971, ndipo pamgwirizano umenewo panabadwa National Bank of Malawi. Choncho khomo loyamba kugogoda ndi la National Bank kuno ku Blantyre.

Kalaliki wa maloya, Zomba: Zikomo, mayi. Nanga Standard Bank imene tili nayo lero inachokera kuti, popeza dzina ndi lomwelo?

Wopuma ntchito ya banki, Mzuzu: Ndiyankheko ine, popeza ndinakalambira m'ntchito imeneyi. Ya leroyi kale inali Commercial Bank of Malawi. Gulu la Standard Bank la ku South Africa linagula masheya okwana 60 pa 100 alionse mu 2001, kenaka banki ija inatchedwa Stanbic, ndipo mu 2007 inatenga dzina la Standard Bank. Mabanki awiriwa, Standard Bank ya 1967 ija ndi ya leroyi, ali pachibale chakutali, chifukwa onse anaphuka pa tsinde la banki imene inakhazikitsidwa mu 1862 kuti izigwira ntchito ku South Africa, likulu lake lili ku London. Ya ku London ija inaphatikizana ndi Chartered Bank mu 1969 n'kupanga Standard Chartered, imene inadzagulitsa masheya ake otsala m'nthambi ya ku South Africa mu 1987. Kuchokera pamenepo gulu la Standard Bank la ku South Africa lija linaima palokha. Ndimaumirira pa mbiri imeneyi chifukwa achinyamata ambiri m'maofesi amangoyang'ana dzina, pamene chofunika ndi kudziwa amene analandira mabuku a ngongole.

Loya, Blantyre: Mwafotokoza bwino, achikulire. Ndiwonjezere kuti chikole chikakhala m'dzina la Commercial Bank of Malawi, ndiye kuti kalata ipite ku Standard Bank, ndipo chikakhala cha Indebank ipitenso ku National Bank, imene inagula bankiyo mu 2015. Pa kalata yanu, bambo, mulembe nambala ya chikole, tsiku limene chinalembetsedwa ndi dzina lonse la malemu monga likuonekera pa mapepalawo, ndipo muphatikizepo chikalata cha khoti chopatsa anawo mphamvu zoyendetsa chuma chamasiye.

Kalaliki wa maloya, Zomba: Ndathokoza kwambiri nonse. Ndiilembanso kalatayo mawa m'mawa, ndipo ndipempha anawo kuti afufuze m'masutikesi a bambo awo ngati mungapezeke lisiti lililonse la ngongoleyo.