Ahebri 12 Lamulungu lino, koma mumpingo muli banja lomwe langoika mwana

Mlaliki Wachinyamata:
Abusa, akulu ampingo ndi nonse oima pagome, ndithandizeni msanga mutu waima. Tikuyenda m'buku la Ahebri chaputala ndi chaputala, ndiye Lamulungu lino ndi 12:5-11, paja pakuti amene Ambuye amukonda amamulanga ndipo amakwapula mwana aliyense amene amulandira. Manotsi ndinalemba kale. Vuto ndi ili, mumpingo muli banja lomwe laika mwana posachedwapa, kamwana kanangotentha thupi masiku ochepa n'kupita, ndiye mkulu wampingo wina atapita kukapepesa anawauza kuti adzifufuze mwina Mulungu akuwakwapula chifukwa bambowo anasiya kalekale kubwera kutchalitchi. Mayiwo anandipeza dzulo, osalira ayi, anangofunsa kuti "Abusa, ndiye kuti Mulungu watenga mwana wanga kuti amuna anga abwerere kutchalitchi?" Amakhala mzere wachiwiri, moyang'anizana ndi gome penipeni. Ndikadumpha chaputalachi aliyense adziwa chifukwa chake, ndikalalikira momwe ndalemberamu zioneka ngati ndikuikira kumbuyo mkulu uja. Makomentale (mabuku ofotokozera Baibulo) amene ndili nawo sakundithandiza pa zimenezi. Nditani?

Mkulu Wakale:
Mwana wanga lalikirani momwe palembedweramo, musachotse kanthu. Davide anachimwa ndi Bateseba, Natani anamuuza maso ndi maso kuti mwanayo afa, ndipo tsiku lachisanu ndi chiwiri mwana anafadi. Zili pa 2 Samueli 12:14-18. Mulungu wa nthawi imeneyo ndi yemweyu, sanasinthe. Alaliki a masiku ano mukuopa anthu kuposa Mulungu.

Mayi Busa:
A Mkulu, ndi ulemu wonse, chaputala chomwecho vesi 1 ikuti Yehova ndiye anatuma Natani. Nanga mkulu wampingo uja anatumidwa ndi ndani? Anamuululira ndani kuti imfa iyi ndi chifukwa cha tchimo lakutilakuti? Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye pansi osayankhula. Atatsegula pakamwa n'kuyamba zoti palibe amavutika wopanda tchimo, mathero ake pa Yobu 42:7 Mulungu anakwiyira Elifazi ndi anzake awiri aja kuti sananene zoona za Iye. Ine mantha anga ali pamenepo, munthu ukhoza kumaganiza kuti ukuteteza Mulungu pamene ukumunamizira.

Achimwene amene mwafunsa, chonde musatchule za maliro pagome, ngakhale mophiphiritsa. Anthu amatembenuka kuyang'ana.

Mphunzitsi wa Kalasi:
Musadumphe, koma musayambire pa vesi 5. Bwererani ku Ahebri 10:32-34 kaye anthu aone kuti kalatayi ikupita kwa ndani. Ndi akhristu amene ankanyozedwa poyera, anzawo ali m'ndende, katundu wawo analandidwa, ndipo 12:4 ikuti sanafike pokhetsa mwazi. Wolembayo sakuwauza kuti mwachimwa ndiye Mulungu akukubwezerani, akuwauza kuti musafooke, mavuto awa sakutanthauza kuti mwatayidwa, ndinu ana m'nyumba. Ndimeyi inalembedwa kuti itonthoze anthu otopa, ife ndi amene tinaisandutsa chikwapu. Onaninso kuti vesi 2 ndi 3 zikuika Yesu patsogolo, amene anavutika kuposa onse ndipo analibe tchimo. Vesi 10 ikunena cholinga chake, kuti tilandireko chiyero chake. Palibe pamene pakuti kuti tilipe ngongole.

Mkulu Wakale:
Zonsezo nzabwino koma simunandiyankhe za Davide. Onjezanipo Hananiya ndi Safira amene anagwa n'kufa atanamiza Mulungu, Machitidwe 5, amenewo ndi a Chipangano Chatsopano. Onjezanipo 1 Akorinto 11:30 pamene Paulo akuti ambiri mwa inu ndi ofooka, odwala, ena agona chifukwa chodya mgonero mosayenera. Mavesi amenewa tiwang'ambe?

Wapachipatala:
Ine ntchito yanga ndi yoyendera odwala m'mawodi ndiye funso ili ndimakumana nalo pafupifupi tsiku lililonse. Panali bambo wina, khansa itawamaliza, thupi latsala mafupa okhaokha, ndipo gulu lina la mapemphero linadutsa n'kuwauza kuti aulule tchimo lomwe akubisa ndiye achira. Munthu anaulula zonse zomwe ankakumbuka mpaka za ali mnyamata, osachira, ndiye anatembenukira kukhoma n'kukana kupemphera ndi aliyense. Ndinkapita n'kumangokhala pampando, Baibulo osatsegula. Tsiku limene anandilola kuwerenga ndinawerenga Salimo 103, paja pakuti sanatichitire monga mwa zolakwa zathu, ndi kuti monga atate achitira chifundo ana awo. Anandipempha kuti ndibwereze. Koma akazi awo mpaka lero safuna kumva za tchalitchi, ndipo ana awo nawonso chimodzimodzi. Mawu a mphindi ziwiri amaononga banja lonse zaka zambirimbiri. Chenjerani nawo ulalikiwo, mayi aja sadzamva mfundo zanu zonse, adzamva chiganizo chimodzi chokha n'kupita nacho kunyumba.

Mbusa Wopuma:
Ndikuchenjezeniko mbali inayo, chifukwa ndaona achinyamata akuthawa dzenje ili n'kugwera linalo. Musakaime pagome n'kunena kuti Mulungu analibe nazo ntchito za imfayi, kapena kuti Mulungu wolanga ndi wa Chipangano Chakale, wathu ndi wachikondi chokhachokha. Zimenezo anaphunzitsa Marcion, mphunzitsi wina wakale, kuti kuli milungu iwiri, ndipo mpingo wa ku Rome unamutulutsa m'chaka cha 144. Wachifundo ndi wachisomo, wosakwiya msanga, zili pa Eksodo 34:6, Chipangano Chakale chimenecho. Buku la Maliro 3:33 likuti sasautsa anthu mochokera pansi pa mtima, chakalenso. Ndipo amene akunena kuti onse amene ndiwakonda ndimawadzudzula ndi kuwalanga ndi Yesu mwini, Chivumbulutso 3:19, kwa mpingo wa ku Laodikaya. Ife a Katekisimu wa Heidelberg wa 1563, buku la mafunso ndi mayankho a chikhulupiriro, timadziwa funso 27, thanzi ndi matenda sizibwera mwangozi koma kuchokera m'dzanja la Atate. Mukawachotsera mayiwo zimenezi mwawasiya ndi Mulungu wopanda mphamvu amene anangoonerera mwana akufa, nanga chitonthozo chili pati pamenepo? Chimene sitiloledwa ndi kunena chifukwa chake. Dzanja tikulidziwa, koma chifukwa chake sitinauzidwe.

Mkulu Wakale:
Eya, abusa mwavomereza nokha kuti ndi dzanja lake. Ndiye talekana pati? Bambo uja akapanda kuchenjezedwa mwazi wake uli pamutu pa mlalikiyu, Ezekieli 33.

Mayi Busa:
Talekana poti inu mukufuna kumuchenjeza pogwiritsa ntchito mtembo wa mwana wake. Ezekieli yemweyo pa 18:20 akuti mwana sadzasenza mphulupulu ya atate wake. Ophunzira a Yesu anafunsa funso lanu lomweli pa Yohane 9, anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake kuti abadwe wosaona, Yesu anati si iyeyu kapena makolo ake. Pa Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nati musaganize kuti anali olakwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, kenako kulapa anakulozetsa kwa amene ankamverawo, osati kwa ofedwa. Bambowo ngati anasiya tchalitchi akulu ampingo akanapita kalekale, Mateyu 18:15 ilipo, kukaonana naye pawiri. Anali kuti nthawi yonseyi? Anadikira maliro?

Mtsogoleri wa Achinyamata:
Kuonjezerapo chenjezo lina, samalani ndi chitsanzo cha bambo wokwapula mwana. Ine ndinaona pa msonkhano wa achinyamata mlaliki akufotokoza Ahebri 12:9 mpaka kuvula lamba kusonyeza, anthu akuseka, koma mtsikana wina anatuluka akunjenjemera. Kwawo ankamenyedwa mpaka kutupa nkhope. Kwa iye ukati Mulungu ndi Atate wolanga, akuona lamba. Vesi 10 yomweyo ikusiyanitsa, makolo athu ankalanga monga kunawakomera iwo, Iye amalanga kuti tipindule. Kusiyana kumeneko muzikukamba mokweza.

Mphunzitsi wa Kalasi:
Komanso Aroma 8:1 iwerengedwe koyambirira, kulibe kutsutsidwa kwa amene ali mwa Khristu Yesu. Mlandu unathera pamtanda, Yesaya 53:5. Chimene mwana wa Mulungu amalandira si chigamulo cha woweruza. Ndipo pitani kwa banjalo Loweruka lisanafike, akadziwe kuti ndimeyi ikubwera chifukwa cha mndandanda osati chifukwa cha iwo, muwauze momveka kuti zimene anauzidwa zija simukugwirizana nazo. Akafuna kusabwera tsikulo musawakakamize.

Mbusa Wopuma:
Zopita kunyumbazo ndavomereza, koma musapite nokha, ndipo musakanyoze mkulu uja pamaso pawo. Nkhani yake ndi ya ku bwalo la akulu ampingo. Ndinaonapo mpingo ukugawika pakati chifukwa mbusa anadzudzula mkulu pagome osamutchula dzina koma aliyense akudziwa, abale ake onse ananyamuka tsiku lomwelo, mabenchi a mbali imodzi anatsala opanda munthu, ndipo ofedwa aja anayamba kulozedwa zala kuti ndiwo aphwasula mpingo.

Wapachipatala:
Zoona abusa. Nanga mkulu wotereyu mumatani naye kwanuko, mumamuimitsa kuyendera ofedwa kapena mumangomulangiza? Ife kuchipatala tinafika popempha kuti magulu a mapemphero azidzera kwa ife kaye asanalowe muwodi koma amalowabe nthawi yoona odwala.

Mayi Busa:
Kuimitsa n'kovuta ngati ndi wamkulu msinkhu ndipo anthu amamuopa. Ife timangoonetsetsa kuti asapite yekha. A Mlaliki Wachinyamata muli kuti kodi, Lamulungu zinayenda bwanji? Mayi aja anabwera?

Mkulu Wakale:
Ine ndikudikirabe wina andiyankhe 2 Samueli 12:15. Vesi ikuti Yehova anakantha mwanayo. Sindinalembe ndine.