Mwana wanga wakomedwa ndi Twilight, ndimuyankhule bwanji?

Muli bwanji makolo anzanga pagulu pano?

Mwana wanga wamkazi wa zaka 14 wakomedwa ndi buku la Twilight la Stephenie Meyer, lija linatuluka mu 2005. Inenso ndinaliwerenga ndili mtsikana, Edward, mnyamata wa m'bukumo, ndinkamufera zedi. Sabata yatha ndinaliwerenganso, mtima sunakhale m'malo. Bella, mtsikana amene amakondana ndi Edward, ali ndi zaka 17, pomwe Edward ndi wopopa magazi wosakalamba amene anabadwa mu 1901. Usiku amalowa kuchipinda kwa Bella kukamuyang'anitsitsa ali mtulo, mwiniwake osadziwa, ndipo anamulondola mobisa kuchoka ku tauni yomwe amakhala ya Forks mpaka ku tauni ina ya Port Angeles. Mwana wanga akuti chimenecho ndiye chikondi chenicheni.

Ndinamubisira bukulo, anakabwereka kwa mnzake. Ndinamutumiza kwa azakhali ake kuti amulangize, anabwerako akuseka. Agogo ake atangomva zoti muli opopa magazi akuti tiliotche, koma ine za magazizo sizikundidetsa nkhawa. Chondivuta ndi mwamuna wolondalonda mtsikana chonchi.

Tsopano akufuna lachiwiri, New Moon, momwe Bella amakhala miyezi ali wosweka mtima Edward atamusiya. Inu amene munadutsamo, ndimugulire kuti tiziwerengera limodzi, kapena ndikane? Nanga za Edwardzi ndiziyambe bwanji osaoneka ngati ndikunyoza zomwe amakonda?