Ndalemba ng'oma za nyimbo, koma ndikamaimba nayo limodzi sizikugwirizana

Dzanja Lamanzere:
Akuluakulu, ndithandizeni. Sabata yonseyi ndakhala ndikulemba manotsi a ng'oma a nyimbo ina imene gulu lathu likufuna kuphunzira. Snare (ng'oma yaing'ono yolira mokuthwa) imagwa kamodzi kokha pa bar (kachigawo kamene timawerenga 1, 2, 3, 4), pa 3. Ndinachepetsa liwiro pa YouTube kufika 0.5, n'kulemba zonse mu pulogalamu yolembera manotsi ya MuseScore, hi-hat (zimbale ziwiri zachitsulo zovundikirana) ndinaiika pa ma 16th, kutanthauza zigawo zinayi pakati pa 1 ndi 2. Ndikamaimba zimene ndalembazo pamodzi ndi nyimboyo, 1 ndi 3 zikugwa bwinobwino, koma zapakati zikuchedwa. Chinanso, kick (ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi) ndi bass gitala zikumveka ngati chinthu chimodzi. Ndaphonya pati?

Phazi Lamanja:
Achimwene, tsekani kaye kompyutayo. Ikani kachigawo ka ma bar awiri kazibwerezabwereza, muziimba hi-hat yokha ndi pakamwa. Pakati pa 1 ndi 2 mukukwana zigawo zingati, zinayi kapena zitatu? Mmene mwafotokozeramu ndikuona kuti ndi zitatu. Snare pa 3 pokha, hi-hat yodumphadumpha, imeneyo ndi half-time shuffle, imene ambiri amaitchula ndi dzina la woimba ng'oma Bernard Purdie. Hi-hat imamenya chigawo choyamba ndi chachitatu cha triplet (zigawo zitatu zija), chapakati n'kusiyira dzanja lamanzere kuti likhudze snare pang'ono chabe.

Masamu ake ndi awa. Pa 120 bpm (ma beat 120 pa mphindi), beat imodzi, kuchoka pa 1 kufika pa 2, ndi theka la sekondi, 500 ms (sekondi imodzi ndi 1000 ms). 16th yomaliza imagwa pa 375 ms, pomwe triplet yomaliza imagwa pa 333 ms. Kusiyana kwake ndi 42 ms basi, koma khutu limamva, ndipo n'kuchedwa kumene mukukunenako.

Mayi Ride:
Ndikugwirizana nawo a Phazi. Ndiwonjezere za liwiro: 0.5 yanyanya. Mukaikoka nyimbo choncho, kumenya kulikonse kumatalika ngati kwanyowa, ndipo timawu tating'ono ta snare timasungunukira mu hi-hat. Ine ndimaima pa 0.75. Ngati muli ndi fayilo yake, itseguleni mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity mugwiritse Change Tempo, osati Change Speed, chifukwa Change Speed imatsitsanso mawu, snare n'kumamveka ngati tom, ng'oma ya mawu otsika.

Za kick ndi bass gitala, musavutike n'kudula mawu akumwamba, poti zonse ziwiri zimakhala pansi pomwepo, cha m'ma 50 mpaka 100 Hz. Chitani Change Pitch, mukweze mawu a nyimbo yonse ndi ma semitone (masitepe a mawu) 12. Bass iyamba kumveka ngati gitala wamba ikuimba nyimbo yake, kick n'kutsala ngati munthu akugogoda chitseko. Mukhozanso kuona pa Spectrogram, chithunzi cha mawu mu Audacity momwemo: bass imajambula mizere yogona chifukwa mawu ake amakhalitsa, kick imajambula kamzere koimirira chifukwa imangoti gu! n'kutha.

Kamtengo:
Bwanji osangoiponya mu Moises kapena Demucs? Imakupatulirani ng'oma pazokha, bass payokha, mawu paokha. Ntchito ya mphindi zochepa.

Phazi Lamanja:
Zimathandizadi, mng'ono wanga, makamaka pa kick. Koma pa shuffle samalani nazo. Tsiku lina ndinapatula nyimbo choncho, ndinalemba tsamba lonse loyera bwino, ndikupita nalo kokayeserera. Woimba bass anangondiyang'ana n'kunena kuti ng'oma zikumveka zopanda kanthu m'kati. Nditabwerera ku nyimbo yeniyeni ndi mahedifoni, ndinapeza kuti ma ghost note (timawu tating'ono ta snare tija) ambiri makinawo anawameza, ena anawataya ku gitala. Zinandiwawa, chifukwa kukoma konse kwa shuffle kuli m'timawu timeneto. Ndiye fayilo yopatulayo muziifunsa za kick, koma za dzanja lamanzere muzifunsa nyimbo yeniyeni.

Dzanja Lamanzere:
Zikomo kwambiri nonse. Ndawerenga ndi pakamwa monga munanenera, ndi zitatudi! Pa 0.75 ndamvanso timawu ta snare timene sindinkadziwa n'komwe kuti tilipo. Nditakweza ndi ma semitone 12 ndapeza kuti malo awiri amene ndinalemba kick inali bass yokha. Tsopano timawuti ndilembe bwanji? Ndipo kodi ndilembe bar iliyonse? Nyimboyi ndi yaitali.

Mayi Ride:
Ghost note imakhala pamalo a snare pomwepo, mpata wachitatu kuchokera pansi pa mizere isanu ya manotsi, koma kamutu kake mukatsekere m'mabulaketi. Kick pa mpata woyamba, hi-hat ndi x pamwamba pa mzere wachisanu, ikatseguka muike ka o pamwamba pake. Musalembe bar iliyonse. Lembani kamenyedwe ka vesi kamodzi, ka kolasi kamodzi, kwinako muike chizindikiro chobwereza chonga %, ndi nambala ya ma bar. Zolemba mwatsatanetsatane zikhale ma fill (kamenyedwe kakafupi kolumikiza zigawo za nyimbo) ndi malo amene gulu lonse limaima pamodzi. Ndipo pambali pa fill iliyonse lembani R (dzanja lamanja) ndi L (lamanzere), chifukwa mwezi wamawa simudzakumbuka dzanja limene munayambira.

Dzanja Lamanzere:
Ndamva, mayi. Kwatsala fill imodzi yolowera kolasi yachiwiri, sindikudziwa ngati ikuthera pa floor tom (tom yaikulu yoima pansi) kapena pa kick.

Phazi Lamanja:
Valani mahedifoni onse awiri. Floor tom kawirikawiri amaikankhira mbali imodzi, kick imakhala pakati penipeni. Mvetserani kumene ikuchokera, mutiuze.