Kulumikiza WhatsApp ya amuna anu mobisa: n'kothandiza?

NaMbewe_BT:
Abale, mkazi akamakayikira kuti amuna ake ali ndi chibwenzi, kodi kulumikiza WhatsApp yawo ku foni yake mobisa n'kothandiza? Nanga malamulo amati chiyani?

Wokonza_Mafoni:
Mayi, zimenezi sizibisika. WhatsApp imalola kulumikiza zipangizo 4 basi, ndipo mwini wake akatsegula gawo la Linked devices mu WhatsApp yake amaona chipangizo chilichonse ndi nthawi yomwe chinagwiritsidwa ntchito komaliza. Akangodina Log out, zatha. Ma app ozondera foni ya wina mobisa ndiye oopsa kwambiri: amafuna muzimitse Play Protect (chitetezo cha foni ku ma app oipa), mupereke chilolezo cha Accessibility (cholola app kuona zonse za pa skirini), kenako batire limatha msanga, bandulo imangouluka. Mauthenga onse, ngakhale a Airtel Money ndi Mpamba, amakafika kwa anthu omwe simukuwadziwa.

Bambo_Loya:
Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kulowa m'foni kapena kompyuta ya wina popanda chilolezo. Kukwatirana si chilolezo. Komanso uthenga woti "wagona bwanji" sutsimikizira chigololo, mumangosandutsa nkhani kukhala ya "unatengeranji foni yanga".

Anesi_Zomba:
Achemwali, yambani ndi thanzi. Kayezetseni HIV, mubwerezenso pakatha miyezi 3 chifukwa kachilombo kongolowa kumene sikaoneka msanga. Ngati chiopsezo chachitika posachedwa, PEP (mankhwala oteteza kuti musatenge HIV) imayambidwa pasanathe maola 72 ndipo imamwedwa masiku 28. Kenako afunseni amuna anu pa zomwe mwaona ndi maso, monga ndalama zosowa ndi masiku ogona kunja. Akakana kukambirana, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri.